Usamugwadire Shaw, Mphwanga

Mphwanga, amayi ako akudandaula kuti wasankha kulemba kafukufuku wako wa chaka chomaliza pa masewero a George Bernard Shaw, mzungu wa ku Dublin amene anamwalira mu 1950. Akuti zimenezi sizidyetsa munthu. Ine malume ako ndikuti wasankha bwino, koma uchenjere naye. Munthu ameneyu anali katswiri pakamwa, ndipo ophunzira ambiri amakodwa pamalo amodzimodzi: amawerenga zimene iye ananena za masewero ake, masewero eniakewo n'kuwasiya.

Shaw ankaika mawu oyamba ataliatali kutsogolo kwa masewero ake osindikizidwa. M'menemo amakuuziratu zoti uganize pa umphawi, ukwati, chipembedzo ndi madokotala. Wophunzira wotopa amangotapa pamenepo, n'kuwaza dzina la Fabian Society, gulu la sosholizimu limene Shaw analowa mu 1884, basi wamaliza. Mayeso akhoza kukhoza ndithu, koma sewero sanalione. Iwe yamba ndi sewero. Mawu oyambawo udzawawerenge pomaliza, ndipo udzawamve monga umboni wa munthu amene mlandu ukumukhudza.

Tenga Widowers' Houses, sewero lake loyamba kuonetsedwa, mu 1892. Dokotala wachinyamata, Harry Trench, akufuna kukwatira Blanche, mwana wa Sartorius. Kenako akumva kwa Lickcheese, wotolera lendi, kuti chuma cha apongozi akewo chimachokera ku nyumba zophwasuka za amphawi a mu London. Lickcheese wachotsedwa kumene ntchito chifukwa anatengako ndalama pang'ono kukonzera masitepe amene anali kuvulaza anthu. Trench akunyansidwa, akukana ndalama za Sartorius. Sartorius sakukwiya. Akungomuonetsa modekha kuti ndalama zimene Trench amalandira chaka ndi chaka ndi chiwongoladzanja cha ngongole ya pa nyumba zomwezo. Pofika kumapeto, mnyamata wa mtima wabwino uja walowa nawo m'malondawo. Usathamange pamenepa. Shaw sanalembe sewero la munthu woipa mmodzi amene tonse tingamuloze chala, analemba la anthu aulemu amene manja awo ali m'mbale imodzi.

Kuti ulimvetse, ukabwera ku holide ukaime pa Lizulu, pamene msewu wa M1 umagawa Malawi ndi Mozambique. Ukaone mayi amene wafika m'mamawa ndi mbatatesi yake, venda akumuuza kuti ndowa adzaze mpaka ichite chulu, mtengo n'kukhala womwewo. Mayiyo sangakane, pakuti feteleza anagula ndi ndalama ya katapila ndipo mwini ndalama akudikira madzulo ano. Thumba limenelo likwera lole, ndipo mkuja ndiwe amene ukudya tchipisi chotchipa ku Zomba. Usaiwalenso kuti gawo la fizi yako linachokera pa malonda a mbatatesi omwewo. Sindikunena izi kuti uchite manyazi. Ndikufuna kuti polemba za Trench udziwe pamene iweyo waima, chifukwa kafukufuku wolembedwa ndi munthu wodziyesa wopanda banga amamveka kuti ndi wabodza kuyambira tsamba loyamba.

Mrs Warren's Profession, limene analemba mu 1893, likupweteka kuposa apa. Vivie waphunzira masamu ku Cambridge ndi ndalama za amayi ake, osadziwa kuti zimachokera ku nyumba za uhule. Amayiwo akamufotokozera za mbale wawo amene anafa ndi poizoni wa m'fakitale chifukwa cha malipiro osakwana n'chakudya chomwe, Vivie akuwamvetsa. Chimene akulephera kukhululuka n'chakuti alemera kale koma malondawo sakuwasiya. Ndani akulakwa pamenepa? Usafulumire kuyankha. Aliyense amene anaonapo atsikana aang'ono akuzungulira malole usiku pa malo ochitira malonda a m'mbali mwa msewu wathuwu akudziwa kuti funsoli silinakalambe.

Seweroli ofesi ya Lord Chamberlain inaliletsa, ndipo anthu wamba ku London analionera mu 1925. Mphamvu ya ofesiyo pa masewero inathetsedwa mu 1968, chaka chomwecho chimene dziko lathu linakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act. Dr Banda, amene boma lake linabweretsa lamuloli, anali wa Fabian Colonial Bureau pamene ankakhala ku Britain. Apa ndi pamene kafukufuku wako angasiyane ndi wa wophunzira wa ku Dublin kapena ku London. Shaw ankamenyana ndi oletsa masewero poyera, m'nyuzipepala, osaopa ndende. Alembi athu analibe mwayi umenewo. Steve Chimombo anabisa nkhani za ulamuliro m'nthano ya Mbona mu The Rainmaker, ndipo Du Chisiza Jr, amene anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ankayankhula ndi anthu odzaza holo zinthu zimene aliyense ankazimva popanda kuzitchula. Werenga zimene Chris Kamlongera ndi David Kerr analemba za zisudzo za kuno, usanayambe kuthamangira mabuku a kunja okhaokha.

Tsono chifukwa chimene ndikuti usamugwadire. Mu 1896 asilikali a Britain anapha Inkosi Gomani Chikuse kuno ku Ntcheu. Patangopita zaka zinayi, mu 1900, Shaw anakonza kabuku ka Fabianism and the Empire, kovomereza kuti maiko amphamvu azilamulira maiko ena m'dzina la chitukuko. Mu 1931 anapita ku Moscow, n'kubwerako akutamanda Stalin, ndipo anakana kukhulupirira za njala imene inapha anthu mamiliyoni ku Ukraine mu 1932 ndi 1933. Ameneyu ndi mwana wa Ireland, dziko limene matenda a mbatatesi kuyambira mu 1845 anaphetsa anthu pafupifupi miliyoni imodzi, iye asanabadwe mu 1856. Ankatsutsanso katemera, ndipo ankagwirizana ndi maganizo akuti anthu ena sayenera kubereka. Mphotho ya Nobel ya 1925 siifafaniza zimenezi. Usazibise m'mawu a m'munsi mwa tsamba. Uzifunse mwachindunji kuti zinatheka bwanji kuti munthu amene anaona bwino chonchi masitepe othyoka a ku London alephere kuona maliro a anthu akutali. Ine ndimaona kuti ankakonda dongosolo kuposa anthu, ndipo masewero ake amapulumuka chifukwa pa siteji ankakakamizika kupatsa mdani wake mawu amphamvu. Iwe ukhoza kupeza yankho lina, bola ulitsimikize ndi zimene zili m'masewerowo.

Chomaliza, sewero silinalembedwere maso okha. Sonkhanitsa anzako anayi, mugawane mbali, muwerenge mokweza. Gawo lija Sartorius akuchotsa ntchito Lickcheese ulitembenuzire m'Chichewa, mudzalisewere kuno pabwalo pa Khirisimasi. Udzakhale pambali ndi kope, uzilemba pamene anthu akuseka, pamene akung'ung'udza, ndi amene agogo ako adzamuimbe mlandu. Zimenezo udzazitengere kwa aphunzitsi ako pamodzi ndi mutu wachitatu wa kafukufuku wako.