Zinyalala za Pakhomo pa Nthawi ya Mliri: Uthenga kwa Mabanja a ku Mutorashanga

Amayi, abambo, agogo, ndi inu nonse a m'makomboni a migodi ndi a m'mafamu ozungulira Mutorashanga, tamverani nkhani ya zinyalala.

Kwathu kuno botolo, chitini, chitsulo chakutha kapena batire yakale zimachoka pakhomo kudzera m'manja mwa munthu: mnyamata wotola zitsulo, mayi wosonkha mabotolo m'thumba, wogula wobwera ndi sikelo pa lole n'kukagulitsa ku Harare. Nthawi zambiri manja amenewa alibe magolovesi. Choncho chimene mwaponya kudzala lero, mawa chigwidwa ndi munthu wina, mwinanso mwana wanu yemwe. N'chifukwa chake ntchito yosankha zinyalala iyenera kuthera pakhomo, thumba lisanatuluke pachipata.

Tonse tikukumbukira 2020. Boma linalamula kuti kuyambira pa 30 Malichi aliyense akhale pakhomo kwa masiku 21 chifukwa cha COVID-19, ndipo mu Meyi kuvala masiki kunakhala lamulo. Magalimoto anasowa pamsewu, malonda anaima, ndipo mamasiki otha ntchito anayamba kuoneka m'njira ndi m'ngalande. Kolera nayenso si mlendo. Mu 2008 ndi 2009 anapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe, ndipo mu Febuluwale 2023 anabukanso ku Chegutu, m'chigawo chathu chomwe chino cha Mashonaland West. Malamulo oletsa kuyenda ndi kusonkhana akabweranso, zotsatirazi zikuthandizeni.

Gawani zinyalala patatu

Zoyamba ndi zowola: makoko, zotsalira za nsima, masamba, phulusa. Izi zisapite kutali. Kumbani nkhuti kuseri kwa nyumba, patalike mamita 30 kapena kuposa kuchokera pachitsime, muzithira dothi pamwamba kuti ntchentche ndi makoswe zisapeze pofikira. Zikawolerana ndi manyowa a kudimba.

Zachiwiri ndi zogulitsika: mabotolo, zitini, makatoni, zitsulo. Tsukani, yanikani, sungani pouma m'thumba lakelake. Chitini kapena tayala losiyidwa pabwalo limasunga madzi a mvula, ndipo udzudzu umaswana momwemo. Mabotolo a zakumwa amene amabwezedwa kugolosale abwezeni ndithu.

Zachitatu ndi zoopsa, ndipo apa ndi pamene tikupempha kuti mutchere khutu kwambiri.

Masiki, matishu, matewera ndi zonse za wodwala

M'nyumba mukakhala munthu wotsokomola, wotentha thupi kapena wotsegula m'mimba, chilichonse chimene wagwiritsa ntchito chisasakanikirane ndi zogulitsa. Ikani m'jumbo, mangani, ikaninso m'jumbo ina n'kumanganso. Masiki yotha ntchito muyambe mwaidula zingwe, kuopa kuti wina angaitole n'kuivala, kapena kuichapa n'kuigulitsanso. Zikatero kwirirani m'dzenje lakuya lomwe galu kapena nkhumba sizingafukule. Chimbudzi cha mwana, ngakhale wakhanda, chimafalitsa kolera chimodzimodzi ndi cha wamkulu. Chithireni m'chimbudzi, ndipo thewera lotaya lisaponyedwe kuthengo kapena kumtsinje.

Ofufuza anapeza mu 2020 kuti kachilombo ka COVID-19 kamatha kukhala ndi moyo papulasitiki ndi pachitsulo mpaka maola 72, ndipo pakatoni pafupifupi maola 24. Zoona, matendawa amafala kwambiri kudzera mu mpweya, pamene anthu athithikana. Komabe kudikira sikulira ndalama. Mabotolo ndi zitini za m'nyumba ya wodwala zikhale padera masiku atatu musanazipereke kwa wogula. Ngati matendawo ndi kolera, masiku atatu sakwanira: chilichonse chimene chakhudzana ndi masanzi kapena chimbudzi chiviikidwe m'madzi a Jik, kapu imodzi ya Jik pa makapu 6 a madzi. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena alionse.

Zigubu za mankhwala a m'munda

Izi zimatidetsa nkhawa kuposa zina zonse, chifukwa chigubu chimaoneka chabwino, cholimba, ndipo pa nthawi ya mliri aliyense amafuna posungira madzi osamba m'manja. Chigubu chomwe munali mankhwala a fodya, a chimanga kapena a dibi sichiyera, ngakhale mutachitsuka ndi sopo kangati. Poizoni amalowerera m'pulasitikimo. Musasungiremo madzi, mkaka, mafuta ophikira kapena thobwa, ndipo musapangire mpondagiya. Chitsukeni katatu, madziwo muwathire m'pampu yopopera mankhwala, osati pansi kapena m'ngalande. Kenako chibooleni kuti wina asachigwiritsenso ntchito, n'kuchibweza kwa woyang'anira famu kapena kumene munagula mankhwalawo. Musachigulitse kwa otola mabotolo.

Palinso zoopsa zina: mabatire a galimoto ndi a sola ali ndi asidi ndi mtovu, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono, popanda chizindikiro chodzidzimutsa. Agulitseni athunthu, osawaswa pakhomo. Zidutswa za malata a asibesitosi musaziphwanye kapena kuzisesa zili zouma, ndipo ana asamasewere pa milu ya dothi la migodi yakale, monga ya ku Ethel Mine komwe kale ankakumba asibesitosi. Masingano ndi mankhwala otsala kapena otha mphamvu apite kuchipatala, m'botolo lolimba lotsekedwa bwino.

Osawotcha pulasitiki

Zinyalala zikachuluka, mtima umathamangira machesi. Koma utsi wa pulasitiki ndi matayala umapweteka mapapo, ndipo pakati pathu pali abambo omwe akhala zaka zambiri m'fumbi la migodi ya chrome, pali odwala TB, amphumu, ndi makanda. Matenda a m'chifuwa akafika, anthu amenewa ndi amene amavutika koyamba. Bungwe loona za chilengedwe la EMA limaletsanso kutaya zinyalala paliponse, ndipo wopezeka wolakwa amalipira chindapusa.

Tsiku lokagulitsa kapena kukataya

Apite munthu mmodzi wamkulu, yemwe ali bwino m'thupi. Asakhale agogo, mayi woyembekezera kapena wodwala shuga, ndipo ana atsale kunyumba ngakhale sukulu zitatsekedwa. Yambani mwafunsa kwa khansala kapena a zaumoyo ngati kuyenda kukuloledwa komanso nthawi yofikira panyumba. Valani masiki ndi nsapato zotseka, ndipo magolovesi akasowa, majumbo m'manja ndi abwino kusiyana n'kugwira chimanjamanja. Pasikelo musaunjikane, siyani mpata wa mikono iwiri yotambasula pakati pa inu ndi mnzanu, thumba muliike pansi kuti wogula alinyamule yekha. Ngati n'zotheka, landirani ndalama pa EcoCash. Pofika kunyumba sambani m'manja ndi sopo pamadzi oyenda kwa masekondi 20 musanagwire mwana kapena chakudya.

Wotola akabwera pakhomo, mumuuze mosabisa ngati m'nyumba muli wodwala. Mupatseni madzi ndi sopo. Nayenso ali ndi banja lomudikira.

Kuyambira mu Disembala 2018, Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse ndi tsiku losesa dziko lonse, kuyambira 8 koloko mpaka 10 koloko m'mawa. Misonkhano ikaletsedwa, banja lililonse lisese pabwalo pake ndi ngalande ya kutsogolo kwake pa nthawi yomweyo.

Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, musadikire kuti kuche. Sakanizani masupuni a tiyi 6 a shuga, osadzaza mopitirira, ndi theka la supuni ya mchere m'botolo la mamililita 750 la madzi owiritsa, azimwa pafupipafupi ali pa ulendo wa kuchipatala. Wobanika kapena wotentha thupi kwambiri mufulumire nayenso, ndipo dziwitsani mlangizi wa zaumoyo (mbuya utano) wa m'dera lanu tsiku lomwelo.