Pulinta ya Pakhomo Ikakana Kusindikiza Kudzera pa Wi-Fi: Mafunso ndi Mayankho

Kodi chikalata chimayenda bwanji kuchoka mu kompyuta kukafika pa pepala popanda chingwe?

M'nyumba zambiri kompyuta ndi pulinta sizilumikizana zokha, koma zimadzera pa chipangizo chachitatu chotchedwa rauta, chomwe ndi kabokosi kofalitsa Wi-Fi, kaya kokhazikika pa tebulo kapena kakang'ono ka MiFi kolowa m'thumba. Rauta imapatsa chipangizo chilichonse cholowa pa netiweki yake nambala yochizindikirira, yotchedwa adilesi ya IP, monga 192.168.1.20, ndipo kompyuta ikafuna kusindikiza imatumiza chikalata ku nambala imeneyi. Motero kusindikiza kukakanika, vuto limakhala pakati pa pulinta ndi rauta, pakati pa kompyuta ndi rauta, kapena m'kati mwa kompyuta momwe zikalata zimadikirira pa mzere. N'zodandaulitsa kuti anthu ambiri amanyamula makinawo kupita nawo kwa wokonza asanafufuze malo atatuwa, chikhalirecho nthawi zambiri pulintayo imakhala ili bwinobwino.

Kodi bandulo ikatha, pulinta imalekanso kusindikiza?

Ayi, chifukwa Wi-Fi ndi intaneti ndi zinthu ziwiri zosiyana: chikalata chimangochoka mu kompyuta, kudzera pa rauta, n'kufika pa pulinta osatuluka m'nyumbamo, ndipo pamenepa sipafunika bandulo. Zimasiyana ngati pulogalamu yosindikizira imayamba yatumiza chikalatacho ku makompyuta a kampani yopanga pulintayo.

Nanga kufufuza kuyambire pati?

Kuyambire pa tsamba limene pulinta imasindikiza yokha lofotokoza momwe yalumikizidwira. Tsambali limatulutsidwa kudzera pa kasikirini ka pulinta, pa gawo la netiweki, ndipo pa mapulinta opanda sikirini limatuluka podina mabatani amene buku la malangizo latchula. Mizere iwiri ndiyo yofunika kuposa yonse: wa SSID, lomwe ndi dzina la netiweki imene pulinta yalowapo, ndi wa adilesi ya IP.

Adilesi ikakhala 0.0.0.0, kapena ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti rauta sinaipatse pulintayo nambala, pakuti 169.254 ndi nambala imene chipangizo chimadzipatsa chokha chikapempha osayankhidwa. Zikatero palibe chifukwa chovutikira ndi kompyuta, popeza vuto lili pakati pa pulinta ndi rauta. Adilesi ikakhala yabwino, iyerekezedwe ndi ya kompyuta, poti pa netiweki zambiri za pakhomo magawo atatu oyamba amayenera kufanana. Pulinta ya 192.168.1.20 ndi laputopu ya 192.168.8.101 zili pa netiweki ziwiri zosiyana ngakhale zitakhala pa tebulo limodzi, ndipo izi zimachitika kawirikawiri m'nyumba momwe muli rauta ndi MiFi, kapena momwe laputopu inazolowera kulowa pa Wi-Fi ya foni. Pomaliza, adilesi ya pulinta ilembedwe mu pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti monga Chrome kapena Firefox. Tsamba la pulintayo likatseguka, njira yonse ndi yabwino, ndipo chotsala n'kukonza za mu kompyuta.

Bwanji pulinta siikuona dzina la netiweki pomwe foni ikuliona?

Wi-Fi ya m'nyumba imayenda makamaka pa mafunde a mitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz, ndipo mapulinta ambiri, maka akale ndi otsika mtengo, amamva a 2.4 GHz okha. Rauta ikakhala kuti ikufalitsa a 5 GHz okha, pulinta yotere siingaione ngakhale itaikidwa pafupi bwanji. Mafunde a 2.4 GHz ayatsidwe pa tsamba lokonzera rauta, ndipo ngati mitundu iwiriyi yaphatikizidwa pa dzina limodzi, kuipatsa mayina osiyana kumathandiza. Pa iPhone yogawa Wi-Fi, kuyatsa Maximize Compatibility kumaisamutsira ku 2.4 GHz.

Malo amene pulinta yaikidwa nawonso ndi nkhani. Makoma a njerwa zootcha ndi konkire amafooketsa mafunde, zitsulo monga kabati yachitsulo kapena filiji zimawatchinga, ndipo uvuni wa microwave umagwira ntchito pa mafunde oyandikana ndi 2.4 GHz, kotero ukayatsidwa umatha kusokoneza. Kuisendeza pulinta kufupi ndi rauta kwa mphindi zochepa kumaonetsa msanga ngati vuto ndi limeneli.

Nanga ikamaliona dzinalo koma n'kumakana mawu achinsinsi?

Mawu achinsinsi amasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo pa kasikirini kakang'ono n'kosavuta kusokoneza 0 ndi O, kapena 1 ndi l. Mawuwo akakhala olondola, chotsatira kukayikira ndi njira yotetezera netiweki. WPA2 inayamba m'chaka cha 2004 ndipo WPA3 inabwera mu 2018, choncho pulinta yopangidwa WPA3 isanafale imakanika kulowa pa rauta yovomereza WPA3 yokha. Rautayo isinthidwe kuti izilola zonse ziwiri, kapena WPA2 yokha. Kuchotseratu chitetezo n'kulakwitsa kwakukulu, chifukwa aliyense wodutsa angalowe n'kumaliza bandulo, ngakhalenso kufika pa zipangizo za m'nyumbamo. Palinso njira ya WPS, yodina batani pa rauta kenako pa pulinta pasanathe mphindi ziwiri, koma siigwira pa netiweki ya WPA3 yokha.

Dzulo inkasindikiza, koma magetsi atathima n'kuyakanso kompyuta ikulemba kuti Offline. Chasintha n'chiyani?

Ili ndi vuto lodziwika kwambiri kumadera kumene magetsi amathimathima, monga m'matauni ambiri a ku Malawi ndi Zambia, ndipo gwero lake ndi dongosolo lotchedwa DHCP, limene rauta imagawira nalo maadilesi. Rauta siipereka adilesi kuti ikhale ya chipangizocho mpaka kalekale, koma imangobwereketsa, ngati mwini nyumba za lendi amene amapereka chipinda chopanda munthu kwa yemwe wayamba kufika. Magetsi akabwera, foni kapena wailesi ya kanema ikhoza kutenga nambala imene inali ya pulinta, pulintayo n'kulandira ina, pomwe kompyuta ikupitirizabe kutumiza zikalata ku nambala yakale. Chinanso n'chakuti pulinta imatha kuyaka msanga kuposa rauta, ndipo ena mwa mapulinta akafunafuna netiweki osaipeza sayesanso.

Chithandizo cha msanga ndi kuzimitsa zonse zitatu, kuyatsa rauta yokha n'kuidikira mphindi ziwiri kapena zitatu kufikira timagetsi take titakhazikika, kenako kuyatsa pulinta, n'kumalizira ndi kompyuta. Pa Windows kuonetsetsedwe kuti pa Use Printer Offline sipanachongedwe, ndipo zikalata zonse zimene zaunjikana pa mzere zifufutidwe, popeza chikalata chimodzi chokakamira chimatsekereza zonse za pambuyo pake.

Koma chithandizo chokhalitsa, chimene n'choyenera kuchipezera nthawi, ndi kuuza rauta kuti izisungira pulintayo adilesi imodzi nthawi zonse. Izi zimachitika pa tsamba lokonzera rauta, pa gawo limene marauta ambiri amalitcha address reservation kapena static lease, pomwe adilesi yosankhidwa imamangirizidwa ku nambala ya MAC, yomwe ndi nambala ya zilembo ndi manambala 12 imene pulinta inapatsidwa ku fakitale ndipo imalembedwa pa tsamba lija limene pulinta imasindikiza yokha. Zikatha izi, pulinta ichotsedwe mu kompyuta n'kuikidwamonso pogwiritsa ntchito adilesi yatsopanoyo.

Bwanji foni siikuipeza pulinta pomwe zonse zili pa rauta imodzi?

Mafoni amapeza pulinta pomvetsera uthenga umene pulintayo imalengeza pa netiweki, ndipo AirPrint ya Apple, yomwe inayamba mu 2010, ndi Mopria ya pa Android zimadalira njira imeneyi. Uthengawu sufika ngati chimodzi mwa zipangizozi chili pa netiweki ya alendo, imene inakonzedwa dala kuti olowapo asaonane, kapena ngati pa rauta payatsidwa AP isolation, yomwe imachita chimodzimodzi. Pulogalamu ya VPN pa foni kapena pa laputopu imathanso kutseka njira, ndipo iyenera kuzimitsidwa poyesa.

Zonsezi zikakanika, chatsala n'chiyani?

Zokonzera za netiweki za pulinta zibwezeretsedwe mmene zinalili pochoka ku fakitale, kenako ilumikizidwe mwatsopano, ndipo ngati kampani yake inatulutsa firmware yatsopano, yomwe ndi pulogalamu ya m'kati mwa makinawo, iikidwe pa nthawi imene magetsi sakuyembekezeka kuthima, chifukwa kudukiza ntchitoyi kungaononge pulinta. Pamene ntchito ili yachangu, Wi-Fi Direct imalola foni kapena laputopu kulumikizana ndi pulinta popanda rauta, ndipo dzina lake kawirikawiri limayamba ndi DIRECT. Chingwe cha USB nachonso chimagwira ntchito. Wokonza amafunika pamene pulinta ikusindikiza bwino pa chingwe koma siikuona netiweki ina iliyonse ya 2.4 GHz, ngakhale ya foni yoikidwa pambali pake, pakuti apo m'pamene kachipangizo ka Wi-Fi ka m'kati mwake kangakhale kataonongeka.