Nsapato za Amayi Achikulire m'Chilimwe cha ku Mangochi: Mafunso ndi Mayankho

Kabukuka talemba ife a komiti ya zaumoyo ya amayi a m'dera la kunyanja. Chaka ndi chaka, mwera ukangoleka mu Ogasiti n'kuyamba kutentha, timalandira madandaulo amodzimodzi: mapazi akutupa, nsapato yathina, ndipo ambiri akuiloza chala nsapato yotseka kuti ndiyo ikuwadwalitsa. Ena afika poopa kuti namwino akanena za nsapato, ndiye kuti mwendo uli pafupi kudulidwa. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amayi amatifunsa pa misonkhano, pa sikelo ya adzukulu ndi pa maliro. Ena akufanana, koma tawasiya choncho chifukwa ndi mmene amabwerera kwa ife.

Nsapato yabwino kwa mayi wachikulire ndi yotani?

Yotakata kutsogolo kuti zala zitambasuke, ya chidendene chachifupi chosapitirira masentimita 3, yosaterera pansi, ndiponso yogwira phazi kumbuyo ndi lamba, chingwe kapena chomata. Ikhale ya nsalu kapena chikopa chofewa kuti mphepo izilowa.

Ndiyese bwanji pogula?

Pitani madzulo, mapazi atatopa kale. Yesani zonse ziwiri mutaimirira, muyendepo. Pakati pa chala chachitali ndi mapeto a nsapato patsale mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja. Wogulitsa akati "ifutukuka mukamavala", isiyeni.

Kodi si nsapato yotseka imene imatupitsa mapazi kukatentha?

Ayi, amayi. Ili ndiye funso limene latilembetsa kabuku kano. Mu Okutobala ndi Novembala kuno ku Mangochi kutentha kumapitirira madigiri 35 masiku ambiri. Kukatero mitsempha ya magazi imatakasuka kuti thupi lizizire, ndipo madzi ena amatsikira kumapazi n'kukhazikika mu akakolo. Kwa munthu wamkulu mitsempha ya m'miyendo imakhala itafooka, sikankha bwino magazi kubwerera kumtima. Ndiye mayi amene watandala tsiku lonse ali chiimire pa thandala kuyanika usipa, kapena ali chikhalire pamsika kugulitsa tomato, madzulo amapeza mapazi atalemera. Zimenezi zikanachitika ngakhale akanakhala wopanda nsapato.

Chimene nsapato yothina imachita ndi kuulula kutupako. Imasiya mzere pakhungu, imaluma, imatulutsa matuza, ndipo mwini wake amati yanditupitsa. Nsapatoyo yalakwadi, koma mlandu wake ndi kuchepa, osati kutseka. Pali chinanso chimene ambiri safuna kuchimva: phazi limatakata munthu akamakula, makamaka mayi amene anabereka kangapo. Amene ankavala nambala 5 ali mtsikana akhoza kufuna 6 kapena 7 lero. Palibe chamanyazi pamenepo.

Kutupa kwa kutenthaku kumakhala kwa mapazi onse awiri, kumakula madzulo, ndipo m'mawa kumakhala kutaphwa. Kumachepa mukagona chagada n'kutsamiritsa miyendo pa chinthu chokwera, mukamayendayenda pang'ono m'malo mokhala malo amodzi, ndiponso mukachepetsa mchere m'ndiwo.

Nanga bwanji ndikavala patapata mapazi sandivuta?

Amatupabe, koma palibe chowapanikiza, ndiye simuzindikira. Patapata sitikumuletsa, kubafa ndi pakhonde ndi wabwino. Vuto lake n'lakuti sagwira chidendene. Zala zimachita kukanirira kuti asavuke, phazi limakwekwereza pansi, ndipo munthu wamkulu sachedwa kupunthwa. Kugwa pa ukalamba si nkhani yaing'ono, chifukwa mafupa a amayi amafooka akasiya kusamba, ndipo fupa la m'chiuno likathyoka ena sadzukanso pamphasa. Pokwera kabaza patapata amathanso kuvuka kapena kukodwa. Ngati mukufuna kuti phazi lizipuma, gulani sandasi ya lamba wakumbuyo, makamaka ya zomata, yoti m'mawa mumange ndipo madzulo mumasuleko.

Ku chipatala anandipeza ndi shuga n'kundiuza kuti ndisamayende wopanda nsapato. Ndiye kuti adzandidula mwendo?

Sizikutanthauza zimenezo. Namwino amanena mawu amenewa kwa aliyense wa shuga, ngakhale amene mapazi ake ali bwinobwino, ndipo cholinga chake n'chakuti kudulako kusadzafike. Anthu ambiri a shuga amakalamba ndi miyendo yawo yonse iwiri.

Shuga akakhalitsa m'thupi ali wokwera, amawononga timitsempha timene timamva kupweteka. Phazi limachita dzanzi, nthawi zina limayaka usiku ngati mwaponda phulusa lamoto, kenako limasiya kumva. Apa ndiye pali ngozi. Mchenga wa ku Makawa kapena ku Chembe masana a Okutobala umatha kuwotcha khungu mpaka matuza, koma phazi ladzanzi silikuuzani kuti thawani. Munga wa nsomba, mbedza yotayika, galasi losweka, zonsezi zimalowa mwakachetechete. Shuga yemweyo amachedwetsanso kupola kwa chilonda. Kachilonda kamene kwa mdzukulu wanu kakanauma m'masiku atatu, kwa inu kakhoza kukula ngati sikaonedwa msanga.

Choncho wa shuga avale nsapato yotseka zala, yofewa mkati, yopanda msoko wokhula, pamodzi ndi sokosi za thonje zosathina. Asanavale apise dzanja mkati, mwina muli mwala, munga kapena chinkhanira. Madzulo aliwonse ayang'ane mapazi, pansi ndi pakati pa zala pomwe. Ngati maso kapena msana sizikulola, mdzukulu amuyang'anire. Chilonda chilichonse, chituza, kapena chala chimene chayamba kuda, apite nacho ku chipatala osadikira tsiku la sikelo ya shuga. Chipatala cha boma ku Mangochi, cha ku Monkey Bay, cha St Martin's ku Malindi ndi zipatala zing'onozing'ono za m'madera ndi pamene mungayambire, ndipo iwo ndiwo angaone ngati pafunika kukutumizani kwina.

Mnzathu wa shuga anapatsidwa nsapato yatsopano, patapita miyezi anamudula chala. Si nsapato imeneyo?

Nkhani zotere tazimva kangapo, ndipo sitikuzitsutsa. Nsapato yatsopano yothina ikhoza kuyambitsa chilonda pa phazi losamva. Mwini wake amaivala tsiku lonse ku ukwati osadziwa kuti ikumudya. Koma tikafunsitsa, pafupifupi nthawi zonse pamakhala masabata angapo amene chilondacho chinabisidwa, kapena chinathiridwa phulusa, mchere, mankhwala otsukira mano kapena zitsamba. Ena amaopa chipatala poganiza kuti akangofika adulidwa, ndiye amafika mochedwa, pamene chala chafa kale. Anzawo akaona, mantha amakula, ndipo nawonso amabisa zawo. Zimatipweteka mtima, chifukwa ambiri mwa amayi amenewa akanathandizidwa ndi kutsuka chilonda, mankhwala ndi kupumitsa phazi.

Kuchotsa nsapato n'kubwerera kuyenda pansi sikuthetsa ngoziyi, kumangoisamutsa. Nsapato yatsopano muiyambe ndi ola limodzi kapena awiri pakhomo, muvule, muone ngati pali pofiira kapena pokhulika. Ngati palibe, mawa muonjezere nthawi. Musaiyambire pa tsiku la mwambo.

Ife timavula nsapato ku mzikiti ndipo timatsuka mapazi kangapo patsiku. Nsapato ya zingwe ingatheke?

Sankhani ya chomata kapena ya lamba mmodzi. Imavuka ndi kuvalika msanga osawerama nthawi yaitali. Chofunika kwambiri ndi kupukuta pakati pa zala mukatha kutsuka. Phazi lonyowa likalowa m'nsapato, pakati pa zala pamayera, pamayabwa n'kung'ambika. Yendani ndi kansalu kakekake ka mapazi. Ndipo musasiye nsapato padzuwa pakhomo, makamaka yapulasitiki, chifukwa potuluka mudzapeza yatentha ngati chiwaya.

Pochapa kunyanja kapena pogula nsomba pa doko ndivale chiyani?

Apa yapulasitiki yogwira kumbuyo ndiyo imathandiza, poti siwonongeka ndi madzi ndipo imatchinga minga. Mukachoka kunyanja tsukani mchenga, pukutani, valani youma. Pulasitiki wa tsiku lonse pa dzuwa la chilimwe amasunga thukuta. Dziwaninso kuti nsapato siteteza likodzo. Tizilombo take timalowa pakhungu lililonse limene lakhudza madzi.

Nsapato mukunenazi ndi zachimuna. Ku ukwati, ku Mvano kapena ku dawa tipite ngati odwala?

Ayi ndithu, ndipo dandaulo ili timalimvetsa. Mayi amene wamanga chitenje chatsopano ndi duku logwirizana nalo safuna kuwononga zonse ndi nsapato yampira ya mnyamata. Zilipo nsapato zachizimayi zafulati zozungulira kutsogolo, za lamba wodutsa pamwamba pa phazi, ndi masandasi achikopa okhala ndi mikanda kapena mtundu wagolide. Ngati mukufuna kutalikako, tengani ya chidendene chachifupi chotakata. Yakuda kapena yofiirira imagwirizana ndi zitenje zambiri ndi yunifomu yomwe. Yoyera imaoneka bwino koma fumbi la Okutobala silichedwa kuigonjetsa. Zimene timakana ndi ziwiri: yosongoka kutsogolo, imene imapanikiza zala mpaka fupa la chala chachikulu kutuluka pambali, ndi gogoda wa chidendene chowonda, amene amamira mumchenga n'kupotola kakolo. Ndipo mayi woyenda momasuka amaoneka bwino kuposa wotsimphina mu nsapato yodula.

Mwana wanga ali ku Joni amanditumizira nsapato pa Tsiku la Anakubala, koma zimandithina. Nditani osamukhumudwitsa?

Pa 15 Okutobala nsapato zambiri zimafika m'makomo a ku Mangochi kuchokera ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndipo zambiri zimathera m'sutikesi. Mwana amakumbukira nambala imene munkavala iye akuchoka. Pondani pa katoni madzulo, wina alembe mozungulira mapazi onse awiri, ayeze utali ndi mulifupi ndi tepi ya telala, atumize manambalawo ndi chithunzi pa WhatsApp. Muuzeni afunse zotakata. Ku South Africa amawerenga nambala ngati za m'sitolo za Bata kuno: 5, 6, 7. Za pa kaunjika zambiri zimalembedwa 38, 39, 40. Nambala 5 imayandikira 38 ndipo 6 imayandikira 39, ngakhale mafakitale amasiyanako. Ikafika yothina, mupatseni mwana wamkazi kapena mpongozi. Musaivale chifukwa cha ulemu.

Za pa kaunjika n'zotetezeka?

Zambiri n'zolimba, zina zimaposa zatsopano zotchipa. Onani pansi ngati sipanadyeke mbali imodzi, pindani muone ngati siikung'aluka, pisani dzanja mkati. Ichapeni ndi sopo, iume bwino padzuwa musanavale, chifukwa ikhoza kukhala ndi tizilombo toyabwitsa khungu. Wa shuga achenjere kwambiri, poti nsapato yovalidwa kale inatenga maonekedwe a phazi la munthu wina.

Zimadula bwanji?

Mtengo sitilemba, chifukwa chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yakhala ikusintha pafupipafupi, ndipo wa pa boma umasiyana ndi wa ku Makanjira kapena ku Namwera. Nthawi zambiri peyala imodzi yabwino imatha kukhalitsa kuposa mapatapata angapo, ngakhale sitingalonjeze za nsapato iliyonse. Wosoka nsapato pamsika akhoza kukuikirani lamba wakumbuyo kapena kumata pansi patsopano pa mtengo wocheperapo. Mumuuze kuti asasiye msomali kapena mfundo mkati.

Ndasintha nsapato monga munanenera, koma mapazi akutupabe. Ndiye si nsapato yotsekayi?

Tabwereranso ku funso lija. Ngati nsapato ndi yotakata ndipo kutupa sikukuphwa m'mawa, gwero lake lili m'thupi. Likhoza kukhala mtima, impso, chiwindi, kuchepa kwa magazi, kapena mankhwala amene mukumwa. Amlodipine, amene ambiri amalandira chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, amatupitsa akakolo mwa anthu ena. Musasiye kumwa panokha. Kauzeni adokotala, iwo aone ngati angasinthe. Kuvula nsapato sikuchiza chilichonse mwa izi, ndipo kutema mphini pa mwendo wotupa kumangotsegula khomo la chilonda.

Pitani ku chipatala tsiku lomwelo ngati watupa mwendo umodzi wokha mwadzidzidzi, ukupweteka kapena kutentha. Ngati kutupa kwabwera ndi befu kapena kulephera kugona chagada. Ngati nkhope nayo yatupa. Kapena ngati pali chilonda chonunkha.

Ming'alu ya ku chidendene ndingaichepetse bwanji?

Chilimwe chimaumitsa khungu, ndipo patapata amachititsa chidendene kumenyetseka ndi kufutukukira m'mbali. Tsukani mapazi madzulo ndi madzi ofunda pang'ono, oyesa kaye ndi chigongono, pukutani, dzolani Vaseline kapena glycerine ku chidendene koma osati pakati pa zala, mugone mutavala sokosi ngati kutentha kukulola. Amene alibe shuga akhoza kukhula pang'ono ndi mwala. Wa shuga asakhule, asaviike mapazi m'madzi otentha, ndipo lezala asaliyandikize n'komwe. Zikhadabo zolimba ndi zikundu akazionetse kwa namwino pa tsiku la sikelo.