Phunziro kwa Mtsogoleri Watsopano wa Olemba Mapulogalamu

Wophunzira wanga, ndamva kuti akupatsa udindo woyang'anira anzako asanu amene mumalemba nawo mapulogalamu a kompyuta. Ndakondwera kwambiri. Ndikudziwa kuti masiku ambiri unkagona mochedwa, maso ali tong'o pa kompyuta, mpaka ntchitoyo unaidziwa. Tsopano khala pansi tiphunzire ntchito ina imene sunaigwirepo.

Tiyambe ndi mawu atatu. Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo amene kompyuta imatsata. Malangizowo akalembedwa m'chilankhulo chimene kompyuta imamva, monga Python kapena Java, timawatcha code. Cholakwika chobisala mu code, chimene chimachititsa pulogalamu kuchita zosayenera, timachitcha bug. Izi ukuzidziwa kale. Ndazibwereza dala kuti uone kusintha kumene kwachitika. Mpaka dzulo ankakuyesa ndi code yotuluka m'manja mwako. Kuyambira lero azikuyesa ndi code ya anthu asanu ndi mmodzi, ndipo yambiri sudzailemba ndiwe.

Munthu amene anaphunzira zimenezi movutikira ndi Fred Brooks wa ku America. M'zaka za m'ma 1960 iye ankatsogolera gulu lalikulu la kampani ya IBM limene linkalemba OS/360, pulogalamu yoyendetsa makompyuta akuluakulu a nthawi imeneyo. Ntchito inachedwa, ndalama zinapita zochuluka kuposa zimene anakonza. Mu 1975 Brooks anatulutsa buku lotchedwa The Mythical Man-Month, ndipo mfundo yake yotchuka ndi yakuti ntchito ya mapulogalamu ikachedwa kale, kuwonjezerapo anthu kumaichedwetsa koposa.

Mwina ukudabwa, pakuti tinakula tikumva kuti mutu umodzi susenza denga. Zoonadi susenza. Koma ntchito zili mitundu iwiri. Kupalira munda kumagawika: mukakhala khumi, aliyense amatenga mizere yake, dzuwa lisanafike paliwombo mwaweruka. Kuphika nsima mumphika umodzi sikugawika chomwecho. Anthu khumi atagwira mthiko umodzi, nsimayo siingapse msanga. Mbali yaikulu ya kulemba mapulogalamu ili ngati mphika uja, chifukwa chimene walemba mmodzi chimakhudza chimene akulemba mnzake.

Tenga pepala ndi pensulo. Ika timadontho 6, kalikonse kakuimira munthu wa m'gulu lako, iwenso uli momwemo. Lumikiza kadontho kalikonse ndi tinzake tonse. Upeza mizere 15. Tsopano ika timadontho 12, ulumikizenso. Mizere yakwana 66. Anthu angowirikiza kawiri, koma njira zofunika kumvana zawirikiza kupitirira kanayi. Pamwamba pa izo, mlendo aliyense amafuna womulondolera, ndipo womulondolerayo ndi yemwe uja amene ntchito inali kumudalira.

Gwira mfundo iyi, pakuti zonse zotsatira zatsamira pa iyo. Chimene chimayenda pang'onopang'ono m'gulu si zala zolemba, koma chidziwitso. Ndibwerezenso: si zala, koma chidziwitso. Choncho ntchito yako yoyamba ndi kuonetsetsa kuti zimene akudziwa mmodzi zikufika kwa enawo mavuto asanagwe.

Chida chako chachikulu pa ntchitoyi ndi code review. Uku ndi kupereka code imene walemba kwa mnzako kuti aiwerenge, afunse mafunso, avomereze, isanaphatikizidwe ndi pulogalamu yonse. Ambiri amaganiza kuti cholinga chake ndi kusaka bug basi. Ine ndimaona phindu lina loposa pamenepo: wowerengayo amachoka akudziwa mbali ya pulogalamu imene dzulo sankaidziwa. Tsiku limene mwini code adzadwale malungo kapena kupita kumaliro, ntchito siidzaima. Ndipo iweyo uzipereka code yako kwa wamng'ono kwambiri m'gulumo kuti aiwerenge. Akakupezera cholakwika, muthokoze anzake akumva.

Tione zimene zimachitika diso lachiwiri likasowa. Kampani ya Knight Capital ya ku America inkagula ndi kugulitsa masheya pogwiritsa ntchito mapulogalamu. Mu 2012 inakonza code yatsopano yoti iikidwe pa maseva asanu ndi atatu. Seva ndi kompyuta imene imatumikira makompyuta ena. Woikayo anaika pa maseva asanu ndi awiri, imodzi inatsala, ndipo panalibe munthu wachiwiri woti aone ngati zonse zatheka. Pa seva yotsalayo panali code yakale imene anasiya kuigwiritsa ntchito zaka zambiri m'mbuyomo koma osaichotsa. M'mawa wa pa 1 Ogasiti, msika wa masheya usanatsegulidwe, makompyuta anatumiza kwa antchito mauthenga 97 osonyeza kuti china sichili bwino, koma palibe anachitapo kanthu. Msika utatsegulidwa code yakale ija inadzuka n'kuyamba kugula ndi kugulitsa mosalekeza. M'mphindi pafupifupi 45 kampaniyo inataya madola oposa 400 miliyoni.

Ndikufunse: wolakwa ndani? Wofulumira ayankha kuti ndi uja anaiwala seva. Koma ganiza bwino. Ndani analola kuti ntchito yoopsa chotere igwiridwe ndi munthu mmodzi? Ndani anasiya code yakufa ili m'malo mwake zaka zonsezo? Ndani anazoloweretsa anthu kungoona mauthenga ochenjeza n'kupitirira? Kuiwala n'kwa munthu aliyense. Kukonza njira yoti kuiwala kwa mmodzi kugwidwe ndi wina, imeneyo ndi ntchito ya mtsogoleri.

Apa ndiye pagona phunziro lovuta. Tiyerekeze kuti ndi Lachisanu madzulo, ena anyamula kale zikwama. Mtsikana amene wangotha miyezi iwiri pa ntchito waima pafupi ndi desiki yako, akupotokola chingwe cha chitupa chake, mawu akunjenjemera: "Bwana, ndikuganiza kuti ndafufuta zinthu zosayenera kufufuta." Anzake asiya kulemba, makutu ali kwa iwe. Zimene unene m'mphindi imeneyo ndi zimene gulu lonse liphunzire. Ukakalipa, aphunzira kubisa, ndipo bug yobisidwa imakula ngati chotupa. Kokera mpando pafupi, unene kuti, "Wachita bwino kundiuza msanga. Tiye tione limodzi." Mukakonza, sabata yotsatira mukhale pansi nonse mulembe zimene zinachitika, ola ndi ola, popanda kuloza chala munthu. Akatswiri amautcha msonkhano wotere postmortem, kutanthauza kufufuza chimene chinachititsa ngozi itatha. Funso lake n'lakuti, n'chiyani m'kagwiridwe kathu ka ntchito chinalola kuti izi zitheke?

Nanga iwe mwini? Usaleke kuphunzira poti wakwera. Git, chida chimene mumasungira mbiri ya code yanu tsiku ndi tsiku, Linus Torvalds anachilemba mu 2005. Amene anatsiriza sukulu chaka chimenecho chisanafike anachiphunzira ali kale pa ntchito, ena kwa achinyamata amene ankawayang'anira. Iwenso zidzakuchitikira. Patula maola awiri pa sabata owerenga ndi kuyesa zatsopano, uwalembe pa kalendala monga umalembera misonkhano, ndipo anthu ako uwapatsenso maola awo. Wamng'ono akatchula chinthu chachilendo kwa iwe, usagwedeze mutu ngati wamva. Nena poyera kuti, "Chimenecho sindikuchidziwa, tandiphunzitsa."

Nayi ntchito yoti uchite sabata ino. Lemba mbali zonse za pulogalamu yanu, iliyonse pa mzere wake. Pambali pa mbali iliyonse lemba mayina a anthu amene angaikonze itawonongeka usiku. Pamene pali dzina limodzi lokha, zunguliza ndi cholembera chofiira, ngakhale dzinalo likhale lako. Ukabwera sabata yamawa ubwere nalo pepalalo, tidzasankhe limodzi poyambira.