Kukhazikika ndi Kusintha pa Maseva a Linux a Makampani: Mafunso ndi Mayankho

1. Kodi pulogalamu yoyendetsera seva ya open source ndi chiyani?

Seva ndi kompyuta imene ntchito yake ndi kutumikira makompyuta ena usana ndi usiku. Imasunga mawebusaiti, imelo, maakaunti a kubanki ndi zolembera za makampani. Pulogalamu yoyendetsera ndi imene imagawa memori, disiki ndi netiweki kwa mapulogalamu ena onse a pa sevayo. Pulogalamu ikakhala ya open source, ndiye kuti khodi yake ili poyera: aliyense ali ndi ufulu woiwerenga, kuisintha ndi kuigawa, bola atsate zimene layisensi yake, monga GPL, ikunena.

Maseva ambiri a masiku ano amayendera Linux. Chigawo chake chapakati, chotchedwa kernel, anayamba kuchilemba Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Kernel payokha sikwanira, choncho mabungwe amaiphatikiza ndi mapulogalamu ena masauzande n'kutulutsa mtundu wawo wa Linux. Mitundu imene makampani amadalira kwambiri ndi Red Hat Enterprise Linux, imene mwachidule imatchedwa RHEL, SUSE Linux Enterprise Server ya ku Germany, Ubuntu ya kampani ya Canonical, ndi Debian imene imapangidwa ndi anthu ongodzipereka kuyambira mu 1993.

2. Kodi akati seva ndi yokhazikika amatanthauza chiyani?

Amatanthauza zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti sevayo sizimazima kapena kuuma pakati pa ntchito. Chachiwiri, chimene makampani amachiwerengera kwambiri, n'chakuti khalidwe lake silisintha mwadzidzidzi. Pulogalamu imene inaikidwa lero iyenera kuyenda chimodzimodzi pakatha zaka zisanu, ngakhale pansi pake paikidwa zigamba zambirimbiri zokonzera zolakwika. Mafayilo osungira makonzedwe asasinthe kalembedwe, malamulo amene akatswiri anazolowera asasowe, ndipo madiraiva a zipangizo apitirize kugwirizana ndi kernel.

Chofunikira china ndi chitsimikizo cha opanga mapulogalamu a malonda. Makampani ngati SAP ndi Oracle amayesa mapulogalamu awo pa makope osankhidwa a Linux, ndipo amapereka thandizo kwa okhawo amene akugwiritsa ntchito makope amenewo. Banki imene yasintha kope la Linux mwachisawawa ikhoza kupezeka kuti ilibenso kothawira pulogalamu yake ikavuta.

3. Ngati zili choncho, bwanji osangoisiya seva ikuyenda osaikhudza?

Chifukwa zimene zazungulira sevayo sizikhala malo amodzi. Mipata imene akuba a pa intaneti angalowere imatulukira sabata ndi sabata, ndipo mpata ukangolengezedwa, achiwembu amayamba kusaka maseva amene sanautseke. Mu 2017 kampani ya Equifax ya ku America inachedwa kuika chigamba chimene chinali chitatuluka kale cha pulogalamu ya Apache Struts, ndipo zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni zinabedwa.

Pali zifukwa zinanso. Mapurosesa ndi madisiki atsopano amafuna kernel yowadziwa. Olemba mapulogalamu amafuna makope atsopano a zinenero zolembera khodi ndi a database. Komanso eni pulogalamu amafika poleka kusamalira makope akale, monga zinachitikira ndi Python 2 imene eni ake anasiya kuithandiza pa 1 Januwale 2020. Motero kusintha n'kosapeweka. Funso lenileni ndi lakuti kusinthako kuzibwera liti, kukhale kwakukulu bwanji, ndipo ayambe kukuyesa ndani.

4. Kodi makope amatuluka liti, ndipo amasamalidwa kwa nthawi yaitali bwanji?

Kernel yatsopano imatuluka pakatha milungu 9 kapena 10 iliyonse, liwiro limene kampani wamba singalitsatire. N'chifukwa chake mitundu ya Linux ya makampani ili ndi kalendala yakeyake yodziwika pasadakhale.

RHEL imatulutsa kope lalikulu pafupifupi zaka zitatu zilizonse: RHEL 8 mu 2019, RHEL 9 mu 2022 ndi RHEL 10 mu 2025. Kope lililonse limasamalidwa zaka 10. Zaka zisanu zoyamba limalandira zigamba pamodzi ndi zinthu zina zatsopano, pomwe zaka zisanu zotsatira limalandira zigamba zofunikira zokha. Ubuntu imatulutsa kope miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, koma makope ambiri amasamalidwa miyezi 9 basi. Makampani amadikira kope la LTS limene limatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse, monga 22.04 ndi 24.04, n'kusamalidwa zaka 5, kapena zaka 10 kwa olembetsa Ubuntu Pro. Debian imatulutsa kope lokhazikika pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, ndipo limasamalidwa zaka pafupifupi 5. SUSE Linux Enterprise Server 15 poyamba inalonjezedwa zaka 10, ndi zina 3 zoonjezera kwa olipira mwapadera.

5. Nanga zinthu zatsopano zimayesedwera kuti zisanafike pa seva ya kampani?

Mtundu uliwonse uli ndi malo oyesera. Ku Red Hat zatsopano zimayambira mu Fedora, imene imatuluka kawiri pachaka n'kusamalidwa miyezi pafupifupi 13. Zikakhwima zimalowa mu CentOS Stream, kenako mu RHEL. Ku Debian pulogalamu yatsopano imayambira m'nthambi yotchedwa sid, n'kupita mu testing. Kope likayandikira kutuluka, khomo la zatsopano limatsekedwa kwa miyezi ingapo kuti anthu alimbane ndi zolakwika zokha. Kumbali ya SUSE kuli openSUSE Tumbleweed imene imasintha mosalekeza.

Ubwino wa dongosolo limeneli unaoneka mu Malichi 2024. Munthu wina wobisala pa dzina loti Jia Tan anatha zaka pafupifupi ziwiri akudzionetsa wokhulupirika pa ntchito yosamalira xz, pulogalamu yochepetsera kukula kwa mafayilo, kenako anabisa khomo lachinsinsi m'makope 5.6.0 ndi 5.6.1. Katswiri wina, Andres Freund, anadabwa poona kuti kulowa pa kompyuta yake kudzera pa SSH kukuchedwa pang'ono, ndipo atafufuza anatulukira chiwembucho. Makope oipawo anali atafika kale mu Debian sid, mu Tumbleweed ndi m'makope oyesera a Fedora, koma sanafike mu RHEL kapena mu Debian yokhazikika. Maseva a makampani anapulumuka chifukwa choti amalandira zatsopano mochedwa.

6. Kodi pulogalamu yakale imakhala bwanji yotetezeka popanda kuisintha yonse?

Njira yake imatchedwa backporting. Eni pulogalamu akakonza vuto, kawirikawiri amakonza m'kope lawo latsopano, limene limabweranso ndi zosintha zina zambiri. Akatswiri a Red Hat, SUSE, Canonical kapena Debian amatapamo mizere yokhayo imene yakonza vutolo, n'kuisokera m'kope lakale limene makasitomala awo akugwiritsa ntchito. Mpata umatsekedwa, koma khalidwe la pulogalamu silisintha.

Vuto la Heartbleed la mu pulogalamu ya OpenSSL limene linalengezedwa mu Epulo 2014 ndi chitsanzo chabwino. Eni ake a OpenSSL analikonza m'kope 1.0.1g. RHEL 6.5 inali ndi kope 1.0.1e, ndipo Red Hat inatulutsa chigamba popanda kusintha nambala imeneyi. Chimodzimodzinso RHEL 7 inakhala pa kernel 3.10 kuchokera mu 2014 mpaka pa 30 Juni 2024, ngakhale eni kernel anasiya kusamalira 3.10 mu 2017. Pa zaka zonsezo kernel imeneyi inalandira zigamba ndi madiraiva ochuluka zedi, koma nambala yake yoyambirira inakhala yomweyo.

Njirayi ili ndi zovuta zake. Zida zina zofufuzira chitetezo zimangoyang'ana nambala ya kope, n'kunena kuti seva ili pangozi pomwe vuto linakonzedwa kale. Kope likamakalamba, khodi yake imatalikirana ndi ya eni ake, ndipo kusokera chigamba kumavuta kwambiri. Pa zaka zomaliza, mavuto amene aonedwa kuti ndi ang'onoang'ono nthawi zambiri sakonzedwanso. Ntchito yolemetsa imeneyi ndiyo gawo lalikulu la zimene kampani imalipira ikamalembetsa thandizo.

7. Kodi kampani ingapeze bwanji mapulogalamu atsopano pa Linux yakale?

Yankho lagona pa kulekanitsa zigawo zimene ziyenera kusintha pang'onopang'ono ndi zimene ziyenera kusintha msanga, monga mmene mwini nyumba amasinthira mipando ndi makatani koma maziko osawagwedeza. Kuyambira pa RHEL 8, mapulogalamu anagawidwa pawiri: BaseOS imasunga zigawo zapansi zimene sizisintha khalidwe, ndipo AppStream imapereka makope angapo a zinthu ngati PostgreSQL, PHP ndi Node.js, ambiri mwa iwo osamalidwa kwa nthawi yofupikirapo. Debian ili ndi nkhokwe ya backports, ndipo Ubuntu LTS imalola kusankha kernel yatsopano ya HWE pa makina amene angogulidwa kumene.

Makontena, amene anatchuka Docker itatuluka mu 2013, anapititsa patsogolo kulekanitsaku. Pulogalamu imakulungidwa pamodzi ndi zonse zimene imadalira, n'kumayenda pamwamba pa kernel ya sevayo popanda kukhudza zigawo zina. Komabe udindo woika zigamba pa zimene zili m'kati mwa kontena umagwera amene anaikulunga. Kontena yoiwalika ndi yoopsa mofanana ndi seva yoiwalika.

8. Kodi kusintha kwakukulu kumabwera nthawi yanji?

Kumasungidwa mpaka pa kope lalikulu lotsatira. Pulogalamu ya systemd, imene imadzutsa ndi kuyang'anira ntchito za pa seva, inayamba yakhala mu Fedora kwa zaka zingapo, n'kulowa mu RHEL 7 mu 2014 ndi mu Debian 8 mu 2015. Akatswiri anayenera kuphunzira malamulo atsopano ndi kulembanso ena mwa makhodi awo, koma amene anali pa RHEL 6 anali ndi mpata mpaka mu 2020 kuti akonzekere. Ku Debian mkangano unakula mpaka ena anapatuka n'kuyambitsa Devuan, imene ilibe systemd. Ufulu wopatuka chotere ndi umodzi mwa maubwino a open source.

9. Kodi nkhani ya CentOS ikuphunzitsa chiyani?

CentOS Linux inali kope laulere lomangidwa kuchokera ku khodi ya RHEL, ndipo makampani ambiri ankaidalira pofuna kukhazikika kwa RHEL popanda kulipira. Mu 2014 inalowa m'manja mwa Red Hat, imenenso inagulidwa ndi IBM mu 2019 pa mtengo wa madola 34 biliyoni. Mu Disembala 2020 kunalengezedwa kuti CentOS Linux 8, imene anthu ankayembekezera kuti isamalidwa mpaka 2029, itha pa 31 Disembala 2021, ndipo mphamvu zonse zipita ku CentOS Stream, imene imayenda patsogolo pa RHEL osati pambuyo pake.

Mu 2021 kunabadwa AlmaLinux, yoyambitsidwa ndi kampani ya CloudLinux, ndi Rocky Linux, yotsogozedwa ndi Gregory Kurtzer, mmodzi mwa amene anayambitsa CentOS. Mu Juni 2023 Red Hat inasiya kuika khodi ya makope a RHEL pamalo apoyera pomwe inkaikidwa kale. AlmaLinux inasankha zoti izingogwirizana ndi RHEL pa kayendedwe ka mapulogalamu m'malo mofanana nayo ndendende, pomwe makampani a CIQ, Oracle ndi SUSE anakhazikitsa bungwe la OpenELA logawana khodi.

Phunziro lake ndi lakuti kukhazikika kumadalira khodi komanso anthu amene alonjeza kuisamalira. Posankha Linux, kampani iyenera kufunsa kuti walonjeza zakazo ndani, ndalama zake amazipeza kuti, ndipo lonjezolo lili m'pangano lolembedwa kapena ayi.

10. Kodi kampani ikonzekere bwanji kusintha?

Choyamba ndi kukhala ndi ndandanda ya maseva onse, kope limene iliyonse ikuyendera, ndi tsiku limene thandizo lake lidzathe. Zigamba za chitetezo ziikidwe pa nthawi yoikika, monga kamodzi pamwezi, ndipo za mavuto oopsa ziikidwe mwamsanga. Chigamba chilichonse chiyambe chayesedwa pa seva yoyesera, kenako pa maseva ochepa, chisanafike ponseponse, ndipo pakhale makope osungira zinthu amene anayesedwa kuti amabwezeretsekadi. Zida ngati Ansible zimathandiza kuti makonzedwe a seva alembedwe n'kusungidwa, kuti kumanga seva yatsopano kusadalire zimene munthu mmodzi akukumbukira. Pomwe kuzimitsa seva kuli kovuta, kpatch ya Red Hat ndi Livepatch ya Canonical zimaika zigamba zina pa kernel ikuyenda, ngakhale kuyatsanso seva kumafunikabe nthawi ina.

Kusamukira ku kope lalikulu lotsatira kuyambe kukonzedwa kudakali chaka kapena zaka ziwiri thandizo lisanathe. Ena amamanga maseva atsopano n'kusamutsa ntchito imodziimodzi, ena amakweza seva yomweyo pogwiritsa ntchito zida ngati Leapp.

11. Nanga mtundu woyenera kusankha ndi uti?

Zimatengera ntchito. Banki, chipatala kapena kampani ya inshuwalansi imene imadalira mapulogalamu ofuna chitsimikizo imapindula ndi RHEL, SUSE kapena Ubuntu Pro, komwe kuli pangano la thandizo ndi zaka 10 kapena kuposa. Kampani imene ili ndi akatswiri akeake koma ndalama zochepa ingayendere Debian, AlmaLinux, Rocky Linux kapena Ubuntu LTS. Mitundu yosintha msanga monga Fedora ndi Tumbleweed ndi yoyenera makompyuta a olemba mapulogalamu ndi malo oyesera, komwe kampani imaoneratu zimene zidzafike pa maseva ake m'tsogolo. Makampani ambiri amaphatikiza njira zimenezi: pansi pamakhala Linux ya zaka zambiri yolandira zigamba mosadumphitsa, pamwamba pamakhala makontena osinthidwa pafupipafupi, ndipo tsiku losamukira ku kope lotsatira limalembedwa m'bajeti nthawi idakalipo.