Kadontho ka Magazi

Mayi wina wogulitsa mandasi pamsika wa ku Limbe ankadwala mutu kawirikawiri. Tsiku lina m'mawa analowa m'sitolo ya mankhwala nati, "Zikomo bambo, ndigulitseniko panado."

Bambo wa m'sitolomo anali katswiri wa mankhwala, ndipo sanafulumire kulandira ndalama. Anafunsa kuti, "Kodi mayi, mumamva ludzu pafupipafupi? Nanga usiku mumadzuka kangati kukataya madzi?"

"Ludzu ndiye silindichoka. Kudzuka, kanayi kapena kasanu," anayankha mayiwo. "Ndayambanso kuonda chonsecho ndimadya bwino."

Atawapempha chilolezo, katswiriyo anawabaya chala ndi kasingano, naika kadontho ka magazi pakapepala kamene analowetsa m'kamakina. Posakhalitsa panaoneka nambala 11. Kwa munthu amene sanadye kanthu chidzukire, monga analili mayiwa, nambala 7 kapena yoposa apo imasonyeza kuti mwina ali ndi matenda a shuga.

Nsima, mbatata ndi zakudya zina zimasanduka shuga m'thupi, ndipo shugayo ndiye amatipatsa mphamvu. Kapamba amapanga insulini, amene amathandiza shuga kuchoka m'magazi kulowa m'minofu. Insulini akaperewera kapena akaleka kugwira bwino ntchito, shuga amachuluka m'magazi. Pang'onopang'ono amaononga mitsempha, maso, impso ndi mtima, mwini wake akungoyenda osadziwa kanthu.

Nchifukwa chake katswiri uja sanalekere pomwepo. Anawamanga lamba pamkono kuti ayeze kuthamanga kwa magazi. Kwa munthu wamkulu wathanzi nambala zimakhala pafupi ndi 120/80. Zikamafika 140/90 kapena kupitirira, mtima umagwira ntchito movutika ndipo munthu angathe kufa ziwalo. Za mayiwa zinali 150/95.

"Makina angawa angotichenjeza, wotsimikiza matenda ndi dokotala," anatero katswiriyo uku akulemba nambala zonse papepala. "Tengani pepalali, mupite nalo ku Chipatala cha Queen Elizabeth lero lomwe."

"Nanga mandasi anga?"

"Mandasi mudzakazinga ena mawa, mayi."

Mayiwo anasiyira mnzawo beseni lija nakwera minibasi.

Mafunso

1. Nchifukwa chiyani katswiri uja sanafulumire kugulitsa panado?
2. Kodi ntchito ya insulini ndi yotani?
3. Tchulani ziwalo zitatu zimene matenda a shuga amaononga.