Dzina latuluka, nanga fizi?

Mng'ono wanga, ngati dzina lako latuluka pamndandanda wa bungwe la NCHE wa osankhidwa kupita ku yunivesite, usayambe wavina. Khala pansi ndikuuze za mwana wa achemwali anga, kuno ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi.

Mnyamatayu anakhoza bwino mayeso a MSCE n'kusankhidwa kupita ku yunivesite ya boma. Pakhomo panalibe kanthu. Namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Malichi 2023, anakokolola munda wa nandolo umene tinkadalira, n'kusiyamo miyala ndi mchenga. Maso athu onse anali pa ngongole ya bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015 kuti lizikongoza ophunzira osowa.

Tinaterereka apa. Fomu ya ngongoleyi imalembedwa pa intaneti, ndipo netiweki kumudzi kuno imachita kusakasaka pachulu. Kenaka kunatulukira bambo wina wa pamsika, laputopu kukhwapa. "Musavutike mayi, ine ndimadziwana ndi akuluakulu ku Lilongwe. Ingobweretsani chitupa cha mwanayo ndi kangachepe."

Achemwali anagulitsa mbuzi. Mnyamata anapereka chitupa chake cha unzika n'kubwerera kunyumba, osaona ngakhale tsamba limodzi la fomuyo. Nambala ya foni imene inalembedwapo inali ya bamboyo. Imelo inali yake. Pasiwedi ankaidziwa yekha. Risiti ya kubanki ya ndalama yofunsira ngongoleyo sitinaifunse n'komwe, poopa kuoneka ngati tikuwakayikira. Safunsa anadya phula.

Mayina a olandira ngongole atatuluka, lake panalibe. Foni ya bambo uja inasiya kugwira. Titafufuza tinapeza kuti fomuyo anaisiyira panjira, sanaitumize, ndipo tsiku lotsekera linali litadutsa kalekale. Mnyamata anakayambabe sukulu, koma fizi itamukanika anabwerera ndi chikwama chake. Chaka chathunthu chinathera pa kabaza.

Tsono ndikufunse. Fomu yako akulemba ndani? Uthenga ukabwera, ufikira pafoni ya yani? Tsiku lotsekera ukulidziwa, kapena ukungomva za m'maluwa? Amene akuti "ndikuthamangitsira" uja, wakuonetsa chiyani chogwirika?

Munthu akanena kuti ali ndi njira yachidule, chenjera. Akafuna kuti ndalama uimupatsire m'manja kapena pafoni yake, m'malo mokalipira wekha ku akaunti imene bungwe lalengeza, thawa. Akakana kukuuza pasiwedi ya fomu yako yomwe, ameneyo ndi fisi. Kupempha wina kuti akuthandize pa kompyuta si kulakwa. Koma khala pambali pake, uwerenge mzere uliwonse, ulembetse nambala yako, ndipo usanyamuke usanaone kuti fomu yapita. Ngati kwanu netiweki kulibe, kwera njinga upite ku Migowi kapena ku Chiringa. Thukuta la tsiku limodzi n'lochepa poyerekeza ndi chaka chotayika.

Usapumirenso pamenepo. Kusankhidwa ku yunivesite n'kwina, kupatsidwa ngongole n'kwina. Dzina likatuluka pa olandira ngongole, pali pangano loti usayine ndalama zisanatuluke. Chaka chamawa udzafunsiranso, chifukwa ya chaka chino siidzakutsata yokha. Ndipo dziwa kuti imeneyi si mphatso: bungweli likutolera ngongole ngakhale kwa amene anakongola kuyambira 1985, kuti ndalamazo zithandize ana ngati iwe. Choncho usanamepo kanthu pa fomu. Dzina limene lidzafunsidwe kubweza ndi lako.

Inunso makolo, musagulitse mbuzi musanaone pepala.

Mwana wa achemwali anga anafunsiranso chaka chotsatira, yekha, risiti ataisunga m'pepala lapulasitiki. Lero ali m'kalasi, koma anzake amene ananyamuka nawo limodzi adzamusiya akuvala gauni. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Wako ali pati?